Mgonero wa Sisitere Plautilla ndi anthu ofulumira kufufuta masamba pa Wikipedia

Kunyumba kwa agogo anga akazi kunali kalendala ija ya Yesu ali pagome ndi ophunzira ake, chaka chake chinatha kalekale koma iwo anangodula pamadeti paja n'kusiya chithunzicho pakhoma mpaka chinafiira ndi utsi wa koloboyi. Ine ndinakula ndikuganiza kuti mgonero womaliza unali choncho basi, anthu onse atakhala mbali imodzi ya tebulo ngati akudikira wojambula awauze kuti mwetulirani. Ndinali ndi ndevu kale pomwe ndinadziwa kuti chithunzi chija chili ndi mwini wake, Leonardo da Vinci, ndipo anachijambula pakhoma la chipinda chodyera cha ansembe ku Santa Maria delle Grazie mumzinda wa Milan cha m'ma 1495 mpaka 1498. Sindinazimve kusukulu zimenezi, olo kutchalitchi. Ndinaziwerenga pa Wikipedia, pafoni yosweka galasi, usiku wina magetsi atazima.

Nde cha Leonardo chija palibe amene angalimbe mtima kunena kuti chisakhale ndi tsamba lake. Mkangano umabuka tikafika pa zojambula zinazo, zomwe zilipo zikwizikwi m'matchalitchi ndi m'mamyuziyamu a ku Italy, Flanders, Germany ndi Spain, zojambulidwa m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, nyengo ija amaitcha Renaissance. Maria atanyamula mwana, Maria akulandira uthenga wa mngelo, Yesu pamtanda, Yesu akutsitsidwa pamtanda, Maria wina atanyamulanso mwana. Munthu akalemba tsamba la chimodzi mwa zimenezi, mizere isanu ndi kachithunzi, samachedwa kupezeka mnzake womata chikwangwani pamwamba kuti tsambali lifufutidwe. Pa Wikipedia ya Chingerezi zikatero anthu amakambirana masiku 7, ena lisiyeni, ena lifufuteni, ena liphatikizeni ndi tsamba la wojambulayo, kenako wina amadzagamula. Lamulo lomwe amayendera amalitcha notability, ndipo silikamba za kutchuka ngati kwa woimba kapena wampira ayi, limangofunsa kuti kodi alipo anthu odalirika, osadya nawo pachinthucho, amene analemba za icho mozama? Ngati alipo, chinthucho chikhoza kukhala ndi tsamba lake. Basi.

Ine maganizo anga ndinene poyambirira pomwe musavutike kundisaka: nthawi zambiri chojambula chotere chikuyenera tsamba lake, ndipo pomwe sichikuyenera, kufufuta si mankhwala ake. Koma ndikuuzeni kaye za sisitere wina.

Dzina lake Plautilla Nelli, anabadwira ku Florence mu 1524, analowa usisitere ali ndi zaka 14 m'nyumba ya masisitere a chipani cha Dominican yotchedwa Santa Caterina da Siena, pafupi ndi San Marco. Nthawi imeneyo mtsikana sankapita kukakhala kwa mmisiri kukaphunzira kujambula monga ankachitira anyamata, nanji sisitere wa kumpanda, nde iye anadziphunzitsa yekha potengera ntchito za ena, makamaka mapepala a wojambula wina, Fra Bartolomeo, omwe anafika m'manja mwake. Anaphunzitsa masisitere anzake, nyumba ija inasanduka ngati shopu ya zojambula ndipo ndalama zake zinkathandiza gulu lonse. Katatu konse anasankhidwa kukhala mkulu wa nyumbayo. Cha m'ma 1560 iye ndi anzakewo anajambula Mgonero Womaliza pachinsalu chotalika pafupifupi mamita 7, msinkhu pafupifupi mamita 2, anthu ake aakulu ngati ine ndi inu, ndipo ndi Mgonero woyamba wodziwika kuti anajambula ndi mkazi. Mukayang'ana patebulopo pali nyama ya nkhosa, buledi, vinyo, letesi, nyemba, mbale zokongola, nsalu ya patebulo ikuoneka mpaka mizere ya popinda, mumachita kuona kuti wajambula apa ndi munthu woti kuyala tebulo amakudziwa. Pakona pamwamba analembapo dzina lake ndi mawu a Chilatini akuti orate pro pictora, pemphererani wojambula.

Nthawi ya Napoleon, mu 1808, nyumba zambiri za ansembe ndi masisitere zinatsekedwa, ya Santa Caterina nayo inapita. Chinsalu chija chinasamutsidwira ku Santa Maria Novella kwa ansembe a Dominican, chinakhalako nthawi yaitali chitakulungidwa ngati mphasa penti n'kumasweka, kenako anachipachika m'chipinda chawo chodyera momwe mlendo wamba salowa. Tangoganizani, khwimbi la alendo chaka ndi chaka likudutsa patchalitchi chimenecho kukaona ntchito za Masaccio ndi Ghirlandaio osadziwa kuti kuseri kwa makoma omwewo kuli chinthu cha mamita 7. Chinadzatuluka chifukwa cha mayi wina wa ku America, Jane Fortune, yemwe anayambitsa bungwe la Advancing Women Artists lofufuza ndi kukonzetsa zojambula za akazi zomwe zinaiwalidwa m'masitolo, zipinda zosungiramo katundu, a m'mamyuziyamu ndi m'matchalitchi a ku Florence. Anthu anasonkha, ntchito yotsuka ndi kukonza inatenga zaka 4 m'manja mwa katswiri Rossella Lari, ndipo mu Okutobala 2019 chinapachikidwa m'myuziyamu ya Santa Maria Novella poti aliyense aone. Mwini kuyambitsa uja sanachione chitapachikidwa, anamwalira mu 2018.

Tsopano tiyerekeze ndi chaka cha 2007, Wikipedia ili ndi zaka 6, wina walemba katsamba ka Mgonero umenewu. Mnyamata wachangu walemba dzina pa Google, zotuluka n'zowerengeka, nyuzipepala palibe, chithunzi chooneka bwino palibe, wojambulayo sanamumvepo chibadwire. Akanati chifufutidwe, ndipo ndikukhulupirira ambiri akanamuombera m'manja. Koma chinsalu cha 2007 ndi cha 2019 ndi chomwecho, ulusi womwewo, Yudasi yemweyo atakhala yekha tsidya lino la tebulo. Ndipo chondipweteka n'choti olo pa lamulo lawo lomwelo mnyamatayo akanalakwa, chifukwa Giorgio Vasari anali atachitchula kale Mgonero umenewu mu 1568 m'buku lake la mbiri za ojambula, komanso akatswiri anali atatulutsa buku lathunthu lonena za Nelli mu 2000. Zolemba zinalipo. Zinali m'mashelefu a laibulale, zina m'Chitaliyana, kutali ndi pomwe chala chimafika pafoni.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Malamulo a Wikipedia amanena poyera kuti umboni sukuyenera kukhala wa Chingerezi, sukuyenera kukhala pa intaneti, ndipo chofunika n'choti umboniwo ulipo, osati kuti wolemba tsamba wautchula kale. Amanenanso kuti usanapemphe kuti tsamba lifufutidwe uyambe wafufuza wekha. Koma kufufuza kwa ambiri ndi masekondi 30. Pomwe zojambula za nyengo imeneyi ndi zina mwa zinthu zolembedwa kwambiri padziko lapansi, anthu athera moyo wawo wonse akukangana kuti dzanja la mngelo uyu anajambula ndi bwana kapena wophunzira wake, magazini ya The Burlington Magazine yakhala ikusindikiza mikangano yotereyi kuyambira 1903, kuli makatalogu a mamyuziyamu onenepa ngati Baibulo la paguwa, kuli malipoti a okonza omwe amaunika thabwa ndi makina n'kuona zomwe wojambula anayamba kenako n'kusintha maganizo. Ku Bologna kuli nkhokwe ya zithunzi yomwe anasiya katswiri Federico Zeri, zithunzi pafupifupi 290,000 za ntchito zaluso. Nde munthu akanena kuti "ndafufuza sindinapeze kanthu" pa chojambula cha paguwa cha m'ma 1480, ine funso langa limakhala loti mwafufuza kuti achimwene, ndipo m'chilankhulo chanji? Safunsa anadya phula.

Koma ndisaname, ofuna kufufuta aja si zitsiru, ali ndi mfundo. Ku Florence komweko kunali mmisiri wina, Neri di Bicci, yemwe anasiya buku lake la maakawunti kuyambira 1453 mpaka 1475, ndipo ukamva zomwe zili m'menemo umazindikira kuti kujambula inali bizinesi ngati ya akalipentala a mabokosi ndi mipando m'mbali mwa msewu. Oda yabwera, mtengo wagwirizanidwa, anyamata apala thabwa, apaka, Maria watuluka, wina abwere. Mashopu ambiri ankatero, chithunzi chimodzi cha bwana ankachibwereza kakhumi kakhumi kugulitsa kwa anthu oti akapachike kuchipinda. Zoterezi zambiri zomwe tikudziwa za izo ndi mzere umodzi m'katalogu: kutalika kwake, mtundu wa thabwa, "shopu ya uje", chili m'sitolo ya myuziyamu yakuti. Kulemba tsamba lapadera la chilichonse mwa zimenezi n'kudzaza Wikipedia ndi masamba oti palibe adzawakulitse ndipo palibe adzawalondere wina akalembapo bodza. Ndikuvomera. Ndikuvomeranso mfundo yawo ija yoti kutchuka si chuma chamasiye choti mwana alowe m'malo mwa bambo, kuti poti Giovanni Bellini ndi wotchuka ndiye kuti Maria aliyense wotuluka m'shopu mwake ndi wotchukanso, ayi.

Pomwe ndimasiyana nawo ndi pa chochita. Chojambula chotere chili ndi kokhala: mzere m'ndandanda wa ntchito za wojambulayo, ndime pa tsamba la tchalitchi chomwe chilimo, chithunzi pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi za Wikipedia, ndi nambala yake pa Wikidata, kaundula wake wa zinthu, komwe kuli anthu odzipereka amene anayamba ntchito yoti chojambula chilichonse chodziwika chilembedwe. Dzina lake lizilozera kumeneko, tsiku lina wina akadzapeza zolemba zokwanira adzalitsegulenso. Kusamutsa katundu kupita naye kuchipinda china ndi kumuwotcha pabwalo n'zosiyana, ngakhale zonse ziwiri zimasiya pabalaza poyera.

Mfundo ina yomwe ndimaimva, ndipo iyi imandikwiyitsa pang'ono, ndi yoti zonsezi n'zofanana, nkhani yake ndi imodzi yomweyo ya m'Baibulo nde tsamba limodzi lonena za "anzeru a kum'mawa m'zojambula" likukwana. Zili ngati kunena kuti maliro onse ndi amodzi poti nyimbo zake n'zomwezo. Tengani chojambula cha Domenico Ghirlandaio cha anzeru a kum'mawa chomwe chili ku Ospedale degli Innocenti ku Florence, nyumba yolerera ana otayidwa. Kontirakiti yake ilipo mpaka lero, ya mu Okutobala 1485, pakati pa iye ndi mkulu wa nyumbayo: ajambule ndi dzanja lake iye mwini osati kusiyira anyamata, amalize m'miyezi 30 apo ayi chindapusa, malipiro maflorin 115, ndalama zagolide za ku Florence, ndipo penti wa buluu akhale weniweni wa mtengo wa maflorin 4 pa aunsi. Buluu ameneyo ankapera kuchokera ku mwala wa lapis lazuli wokumbidwa kumapiri a Afghanistan, n'chifukwa chake chovala cha Maria chinali ngati risiti yoonetsa kuti wolipira ali ndi ndalama zingati. Ndiye yang'anani chithunzicho: kutsogolo, pakati pa mafumu ndi mphatso zawo, kwagwada tiana tiwiri tovala zoyera tili ndi mabala, ndipo chakumbuyo asilikali a Herode akupha makanda a ku Betelehemu. Bwanji? Chifukwa chinajambulidwira guwa la nyumba ya ana opanda makolo, ana omwe ankasiyidwa pakhomo usiku ndi omwe ankagwada kutsogolo kwake. Mundiuze kuti zimenezi zikwana bwanji m'tsamba limodzi la anzeru a kum'mawa onse. Nkhani ya m'Baibulo ndi imodzi inde, koma amene analipira, chomwe ankaopa, mliri womwe unali utangodutsa, mwana yemwe anamwalira, malonda omwe anabweretsa pentiyo, zimenezo chojambula chilichonse chili ndi zake.

Ndipo pali kena kake komwe anthu sanena mokweza. Ena chimawavuta n'choti ndi zachipembedzo, amaona ngati tsamba lotere ndi ulaliki. Koma anthu a nthawi imeneyo ndalama zawo zambiri za luso ankaziika kutchalitchi, ukachotsa zachipembedzo mu Renaissance watsala ndi nyenyeswa. Ena, abale anga a mipingo ina, amati ndi mafano. Chabwino, musagwadire, palibe akukukakamizani, koma insaikulopediya ili ndi tsamba la Baala ndi la Dagoni ndipo palibe amene anasiya chikhulupiriro chifukwa chowerenga.

Tibwere pa ndalama, poti kunena zoona chimene chimatsegula maso a dziko ndi chimenecho. Chithunzi cha Yesu chotchedwa Salvator Mundi chinagulitsidwa mapaundi 45 ku London mu 1958, chinagulitsidwanso madola 1,175 ku New Orleans mu 2005, anthu akuchiona ngati kope yowonongeka ya wophunzira wina. Atachitsuka, akatswiri ena n'kunena kuti ndi cha Leonardo, chinagulidwa madola 450.3 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Christie's ku New York mu Novembala 2017, ndipo chigulidwireni sichinaonekenso pagulu, akatswiri mpaka pano akukanganabe kuti dzanja la Leonardo lilipo pati. Kachithunzi kena kakang'ono ka Maria akusewera ndi mwana atagwira maluwa, kosaposa pepala la m'kope, kanali pakhoma la mpita ku Alnwick Castle ku England anthu akuti ndi kope chabe, mpaka katswiri Nicholas Penny anakayang'anitsitsa mu 1991 n'kunena kuti ndi ka Raphael, ndipo National Gallery ya ku London inakagula mu 2004 pa mapaundi oposa 20 miliyoni. Mbali inayi kuli chithunzi cha Yesu cha ku Borja ku Spain, chomwe si cha Renaissance n'komwe, cha m'ma 1930, chomwe gogo wina wa mumpingo anafuna kuchikonza mu 2012 n'kuchisandutsa chinthu chomwe dziko lonse linaseka. Chimenecho tsamba chili nalo, ndipo sindikudandaula, chikuyenera, nyuzipepala zinalemba. Koma muone pomwe tafika: kuti chojambula chisavutitsidwe chiyenera kugulidwa ndi mabiliyoneya, kubedwa, kapena kuwonongedwa moseketsa. Chomwe chakhala phee paguwa lake zaka 500 anthu a m'mudzimo akubatizira ana kutsogolo kwake, icho ndiye chibweretse umboni. Ngati tiyeza ndi phokoso la nyuzipepala tidzakhala ndi insaikulopediya ya ngozi ndi misika.

Palinso ntchito ina yomwe tsamba la pa intaneti limagwira yomwe myuziyamu iliyonse singaithe. Zojambula zambiri za paguwa zinali zamagawomagawo, ndipo m'kupita kwa zaka anthu anazimasula, ena kuzicheka ndi sowo, n'kugulitsa chidutswachidutswa. Masaccio, mnyamata yemwe anamwalira ali ndi zaka 26 zokha, anajambula cha paguwa ku tchalitchi cha Santa Maria del Carmine ku Pisa mu 1426 pa maflorin 80. Lero zidutswa 11 ndi zomwe zikudziwika: Maria ndi mwana ali ku London, Yesu pamtanda ali ku Naples, Paulo anatsala ku Pisa, Andreya ali ku Los Angeles, tizidutswa ta m'munsi ndi oyera ena anayi ali ku Berlin. Palibe chipinda padziko pano chomwe mungalowe tsiku wamba n'kuchiona chonse. Kachidutswa ka Andreya pakokha munthu akhoza kunena kuti n'kachani aka, kabambo ka ndevu katanyamula mtanda ndi buku. Ndi tsamba lokha lomwe limabwezera banja lobalalikali pakhomo limodzi n'kukuuza kuti uyu anali pamwamba, uyu kumanja, ndipo Yesu wa ku Naples akuoneka ngati alibe khosi chifukwa anamujambula kuti aziwonedwa ndi munthu wogwada pansi akuyang'ana m'mwamba.

Zinthuzi zimathanso, tisaiwale. Pa 11 Malichi 1944 mabomba anagwera tchalitchi cha Eremitani ku Padua, zojambula za pakhoma za Andrea Mantegna zomwe anayamba ali ndi zaka 17 zinasanduka tizidutswa toposa 80,000, ndipo zambiri zomwe tikudziwa za maonekedwe ake n'chifukwa choti wina anali atazijambula ndi kamera ndi kuzifotokoza. Pa 4 Novembala 1966 mtsinje wa Arno unasefukira mu Florence matope n'kulowa m'matchalitchi. Koma nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya ku Sansepolcro, tauni yaing'ono komwe Piero della Francesca anajambula Kuuka kwa Yesu pakhoma la nyumba ya khonsolo cha m'ma 1460. Mu 1944 msilikali wa ku Britain, Tony Clarke, analamulidwa kuomba tauniyo ndi mizinga. Iye chojambulacho anali asanachionepo, koma dzina la tauniyo linamukumbutsa nkhani yomwe anawerenga ali mnyamata, yomwe Aldous Huxley analemba mu 1925 n'kuchitcha chithunzi chopambana zonse. Analeka kuomba. Zinadzapezeka kuti asilikali a Germany anali akuchoka kale, tauni inapulumuka, khoma lija lilipo mpaka lero ndipo kuli msewu wa dzina lake. Bamboyu nkhondo itatha anadzakhala ku Cape Town n'kutsegula shopu ya mabuku, Clarke's Bookshop, yomwe abale athu okhala kumeneko mwina amaidutsa pa Long Street. Sindikunena kuti katsamba kalikonse ka pa Wikipedia kadzaimitsa mizinga, ndingakhale ndikunama. Ndikungoti chomwe chinagwira dzanja la munthu ameneyu ndi masamba ochepa omwe wina anavutikira kulemba za chojambula chimodzi cha m'tauni yomwe ambiri sankaidziwa.

Ndikudziwa wina akuwerenga apa akuti koma akulu inu, za azungu zimenezi zikutikhudza chani ife, bwanji osalimbana ndi zathu? Funso labwino ndipo yankho langa lili pawiri. Choyamba, Wikipedia si nyuzipepala yoti nkhani ya Maria wa ku Siena ikalowa ndiye kuti ya kwathu yasowa malo. Ya Chingerezi ili ndi nkhani pafupifupi 7 miliyoni, ya Chichewa ili ndi chikwi chimodzi ndi kakusefukira, ndipo kuchepa kumeneko sikunabwere chifukwa choti Ataliyana adzaza malo, kunabwera chifukwa choti ine ndi inu sitikulemba. Mutafufuta masamba onse a zojambula za ku Italy usiku uno, mawa simupeza tsamba latsopano la Chongoni litamera lokha. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mpeni womwe umadula chojambula chosadziwika cha ku Tuscany ndi womwewo umadula zathu, ndipo zathu umayamba nazo. "Sindinamvepo, Google ilibe kanthu, chifufutidwe." Ngati mawu amenewa angagwetse chinthu cholembedwa m'makatalogu a Chitaliyana, nanga zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, wina atafuna kulemba za phanga limodzi palokha? Nanga zosema ndi zojambula za ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, zomwe nazonso ndi luso la chipembedzo lofotokoza nkhani zomwezo za m'Baibulo ndi nkhope zathu? Amene akuombera m'manja kufufuta lero akunola mpeni wa pakhosi pake, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe.

Komanso tinene zoona, ambirife ku Florence sitidzapitako. Tikiti ya ndege, viza, malo ogona, aaa. Mwana wa ku Milan tsamba likafufutidwa akwera sitima n'kukaona yekha, mphunzitsi wa ku yunivesite ya ku London atsika masitepe n'kukatenga katalogu mu laibulale. Wotaya ndi msemenale wa ku Kachebere wofuna kudziwa chithunzi chomwe chili pachikuto cha buku lake la mapemphero, ndi mtsikana wophunzira zojambula yemwe laibulale yake yonse ndi bandulo ya sabata. Ofufuta ambiri amakhala kufupi ndi mabuku, n'chifukwa chake kutaya katsamba ka mizere isanu sikuwapweteka.

Ndimalize ndi Vasari uja, poti iye ndiye anayamba kalekale khalidwe lomwe ndikudandaulali, ngakhale sankafuna zoipa. M'buku lake la 1568 anamuyamikira Sisitere Plautilla, anatchula Mgonero uja ndi ntchito zina zingapo za m'matchalitchi, anaonjezera kuti nkhope za akazi ankazitha kuposa za amuna poti amuna sankawaona pafupi. Kenako atafika pa zojambula zake zing'onozing'ono anati m'nyumba za anthu olemera a mu Florence zilimo zambiri moti kuzitchula zonse kungakhale kotopetsa. Ndipo anadumpha, n'kupita pa munthu wina. Taonani, ndi mfundo yomwe ija: zachuluka, n'zofanana, sitingalembe chilichonse. Patapita zaka zoposa 400, pomwe akatswiri anayamba kumufufuza sisitereyu, zojambula zomwe akanatha kuloza motsimikiza kuti izi ndi zake zinali zitatu zokha: Mgonero uja, Kulira maliro a Yesu chomwe chili ku San Marco, ndi cha Pentekoste cha ku Perugia. Zina zingapo zadzapezeka pambuyo pake, myuziyamu ya Uffizi ya ku Florence inamuchitira chionetsero chake mu 2017, ndipo anthu akadali kugubuduza mafelemu m'masitolo a mamyuziyamu ndi m'nyumba za masisitere kusaka zomwe Vasari anatopa kuzitchula.